Ndege ya Jiro Horikoshi: Mbiri ya Munthu M'filimu ya Makatuni

Ambiri a inu mukamva za makatuni mumaganiza za ana atazungulira wailesi yakanema Loweruka m'mawa, akuseka mphaka wothamangitsa mbewa. Lero tiona makatuni a mtundu wina, ojambulira anthu akuluakulu, ofotokoza moyo wa munthu amene anakhalakodi padziko pano. Titenga filimu imodzi n'kuisenda bwinobwino, ndipo zina zitatu tidzazitchula mongodutsa kumapeto. Filimu yathu ndi ya ku Japan, dzina lake Kaze Tachinu, ndipo m'mayiko ambiri imadziwika kuti The Wind Rises. Inatuluka mu Julayi 2013, ndipo anaikonza ndi Hayao Miyazaki ku kampani ya Studio Ghibli ku Tokyo. Kutalika kwake ndi mphindi 126.

Pepala loyera

Tisanalowe m'nkhani, gwirani mfundo imodzi ya kapangidwe ka filimu zotere. Munthu akaimika kamera pamsika, zonse zimene zili patsogolo pake zimalowa: mayi wogulitsa tomato, galu wodutsa, ntchentche, ngakhale zimene mwini kamerayo sanazifune. Wojambula makatuni amayamba ndi pepala loyera. Mtambo ukaoneka kumwamba, pali munthu amene anaulemba ndi dzanja. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo ngakhale amakatuni amakonda kubwereza chithunzi chimodzi kawiri kapena katatu, ntchitoyo imakhalabe yotopetsa kwabasi. M'filimu yathuyi muli kachigawo ka masekondi 4 koonetsa khamu la anthu pa nthawi ya chivomezi, ngolo, akatundu, ana osochera, aliyense akulowera kwake. Amene anakajambula anathera pamenepo nthawi yoposa chaka.

Ndiye m'makatuni mulibe cholowa mwangozi, ndipo chosowa nachonso sichisowa mwangozi. Poonera filimu ya mtundu uwu muzikhala ndi mafunso awiri m'mutu: ajambula chiyani, nanga asiya chiyani? Phunziro lonse la lero latsamira pa mafunso awiriwa.

Jiro weniweni

Jiro Horikoshi anabadwa mu 1903 m'chigawo cha Gunma. Anaphunzira uinjiniya wa ndege pa yunivesite ya ku Tokyo, ndipo mu 1927 analembedwa ntchito ku kampani ya Mitsubishi mumzinda wa Nagoya. Ndege yoyamba imene anatsogolera kupanga inagwa poiyesa mu 1933. Yotsatira inauluka mu Febuluwale 1935 n'kudabwitsa onse: asilikali apamadzi anapempha liwiro la makilomita 350 pa ola, koma iyo inafika pafupifupi 450. Imeneyi ndiyo inadzatchedwa A5M. Itatero anapanga A6M, imene inauluka koyamba mu Epulo 1939. Asilikali anailandira mu 1940, chaka chimene pa kalendala ya mafumu a ku Japan chinali 2600, ndipo ziro wa kumapetoyo ndiye anaipatsa dzina loti Zero. Ndege zimenezi zinapangidwa zoposa 10,000. Zinali nawo pa chiwembu cha ku Pearl Harbor mu Disembala 1941, ndipo kuyambira 1944 anyamata otchedwa kamikaze ankazikwera zitanyamula bomba n'kukadziwombetsa nazo pa sitima zapamadzi za adani. Horikoshi anapulumuka nkhondo yachiwiri ya padziko lonseyi, anadzaphunzitsa m'masukulu aukachenjede, ndipo anamwalira mu 1982.

N'chifukwa chiyani Miyazaki, munthu wodana ndi nkhondo mosabisa, anasankha injiniya wotere? Yankho lili kunyumba kwawo. Iye anabadwa mu 1941, ndipo bambo ake ankayendetsa fakitale ya pabanja yopanga zipangizo za kumchira kwa ndege za Zero zomwezi. Nkhondo ndiyo inkadyetsa banja lawo. Ali ndi zaka zinayi anathawa usiku ndi makolo ake pamene mzinda wa Utsunomiya unkapsa ndi mabomba. Anakula akukonda ndege ndi mtima wonse, moti dzina loti Ghibli analitenga pa ndege ina ya ku Italy ya kampani ya Caproni. Komanso ndi munthu yemweyu amene mu 2003 anakana kupita ku America kukalandira mphoto ya Oscar ya filimu yake ya Spirited Away chifukwa dzikolo linali litayamba nkhondo ku Iraq. Pojambula Jiro, Miyazaki ankadzifunsa yekha funso limene lamuvuta moyo wonse.

Luso la manja ndi la makina

Apa ndi pamene filimuyi ili ndi mafuta, ndipo ndichedwapo pang'ono. Jiro wa m'filimu ndi mnyamata wosaona patali, wovala magalasi ochindikala, amene sangakhale woyendetsa ndege. M'maloto amakumana ndi Giovanni Battista Caproni, injiniya weniweni wa ku Italy, amene amamuuza kuti wopanga ndege safunika kudziwa kuiulutsa. Awiriwa amayenda pamwamba pa phiko ndege ili m'mwamba, akucheza ngati ali pakhonde. Timaonanso chindege cha Caproni cha mapiko asanu ndi anayi chikudzuka pang'ono n'kuphwasukira m'madzi, zimene zinachitikadi pa nyanja ya Maggiore mu 1921. Onani mwayi wa makatuni: maloto ndi zenizeni zimajambulidwa ndi pensulo imodzi, choncho woonera amawoloka pakati pa ziwirizi popanda kupunthwa. Jiro akayang'ana mizere pa pepala lake, pepalalo limasanduka phiko, mphepo imaliwomba, ndipo timaona ndi maso athu pamene lithyokere. Kamera singajambule maganizo a injiniya chonchi.

Pali kachinthu kamene ndimakakonda koposa. Jiro amadya nsomba ya makerele pafupifupi tsiku lililonse, ndipo tsiku lina amanyamula munga wake ndi timitengo todyera, n'kuuyang'ana mmene wapindikira. Mnzake amamudabwa. Iye akuona kapindikidwe ka phiko. Kenako timamuona akutchera khutu pa nkhani ya timisomali tolumikizira malata a ndege. Misomali ya mitu yotumphuka imakoka mphepo ndipo imachedwetsa ndege, choncho gulu lake limagwiritsa ntchito ya mitu yolowa m'kati kuti thupi la ndege likhale losalala. Kompyuta kunalibe. Masamu onse ankawerengera pa rula yotsetsereka, ndipo rula imeneyi siichoka m'dzanja la Jiro. Ndi rula yomweyi amamangirira mwendo wa mayi wothyoka pa chivomezi cha pa 1 Sepitembala 1923, chimene chinapha anthu oposa 100,000 ku Tokyo, Yokohama ndi madera ozungulira.

Tcherani khutu mukamadzaonera. Kulira kwa injini za ndege, ngakhale kubuula kwa nthaka pa chivomezi chija, si phokoso la makina ayi. Ndi anthu akulira ndi pakamwa, monga amachitira ana poyendetsa galimoto zamawaya. Miyazaki anafuna kuti makinawo apume ngati zamoyo, ndipo amapumadi: injini ikamayamba imatsokomola, n'kuyamba kung'ung'udza.

Filimuyi siibisanso umphawi wa Japan wa nthawi imeneyo. Ndege yatsopano, chinthu chamakono kuposa zonse m'dzikomo, imakokedwa ndi ng'ombe kupita kubwalo loyeserera. Izi si zopeka. Zero yoyamba inachoka ku fakitale ya ku Nagoya pa ngolo ya ng'ombe, ulendo wa makilomita oposa 40 kukafika ku bwalo la Kakamigahara, chifukwa misewu inali yoipa ndipo galimoto ikanaiwononga ndi kugwedeza. Jiro ndi mnzake Kiro Honjo amatumidwa ku Germany kukaona fakitale ya Hugo Junkers ku Dessau, kumene amapeza ndege zachitsulo zokhazokha pamene kwawo akadalimbana ndi matabwa ndi nsalu, ndipo alonda amawatsekereza ngati akuba. Kwawonso anthu akukankhana pa zitseko za mabanki amene akugwa. Usiku wina Jiro amapeza kamtsikana ndi abale ake awiri pansi pa nyali ya mumsewu akudikira makolo, n'kuwapatsa keke imene wagula. Kamtsikanako kamamuyang'ana mwaukali n'kuthawa ndi anawo. Honjo atamva amamukumbutsa kuti ndalama zimene dziko likulipira ku Germany pogula luso la ndege zikanadyetsa ana ochuluka ngati amenewo. Amanena choncho, kenako onse awiri amabwerera ku ntchito yawo. Kuloweza chochitika chimenechi n'kofunika kuposa kuloweza mayina a ndege.

Ukwati wa usiku

Tsopano mwambo. Jiro amakondana ndi Nahoko, mtsikana amene iye anamuthandiza pa chivomezi, ndipo amadzakumananso naye patapita zaka pa hotela ya kumapiri. Nahoko akudwala chifuwa chachikulu. Kumbukirani kuti mankhwala oyamba ochiza matendawa, streptomycin, anapezeka mu 1943, choncho m'zaka zimenezo odwala ankangowatumiza kuchipatala cha kumapiri kukapuma mpweya wozizira. Timawaona atagonekedwa panja pa ndandanda, atakulungidwa m'mabulangete mpaka m'khosi, chipale chofewa chikugwa. Nahoko amathawako n'kukwera sitima kupita ku Nagoya, kumene Jiro akubisala kwa bwana wake Kurokawa poopa apolisi achinsinsi.

Kurokawa ndi munthu wamfupi, waukali, wosaseka wamba. Amakana kuti mwamuna ndi mkazi osakwatirana agone m'nyumba mwake. Awiriwo amapempha kuti awakwatitse usiku womwewo, ndipo iye ndi mkazi wake amavomera kuimirira ngati ankhoswe. Ku Japan nakonso ukwati unali ndi munthu woima pakati, wotchedwa nakodo, ndiye apa simuvutika kumva. Mayi Kurokawa amamuveka Nahoko kimono, kumuika duwa m'tsitsi, n'kumutsogolera ndi nyali m'kanjira ka pakhonde mumdima. Pakhomo amaima n'kulankhula mawu a mwambo, bambo Kurokawa n'kuyankha ali m'kati. Amakhala pansi pa mphasa za tatami, mkwati ndi mkwatibwi n'kumwa mowa wa sake m'tizikho ting'onoting'ono. Kulibe khamu, kulibe ng'oma. Bwana waukali uja amagwetsa misozi.

Miyazaki sanaike mwambowu ngati chokongoletsa. M'filimu imene chilichonse chikuthamanga kuti chifanane ndi Ulaya, masuti, zipewa, sitima, zitsulo, apa ndi pamene nthawi imaima. Nyumba ya mapepala ndi matabwa, nyali, kugwada, zonsezi ndi Japan amene ndege za Jiro zidzamuitanira moto. Ndipo atakwatirana timaona Jiro akugwira ntchito usiku pambali pa mkazi wake wodwala, dzanja limodzi likutsetsereza rula, lina litagwira dzanja la Nahoko. Amafuna kusuta, mkaziyo amamulola kusutira pomwepo kuti asamusiye dzanja. Bungwe lina lolimbana ndi fodya ku Japan linadandaula ndi chochitika chimenechi. Ine ndimachiona ngati chithunzi choona cha munthuyu: amakondadi, koma sasiya chimene akufuna.

Apa ndiyenera kukuuzani chinthu chachikulu. Nahoko sanakhaleko. Mkazi wa Horikoshi weniweni sanafe ndi chifuwa chachikulu, ndipo banjalo linali ndi ana. Nkhani ya mtsikana wodwalayu Miyazaki anaitenga m'mabuku a Tatsuo Hori, mlembi amene bwenzi lake linamwalira ndi matendawa mu 1935, ndipo iyenso anafa nawo mu 1953. Dzina la filimu ndi la buku la Hori, amene naye analitenga m'ndakatulo ya Paul Valéry wa ku France. Kumapeto kwa filimu alemba poyera kuti ndi yolemekeza anthu awiri, Horikoshi ndi Hori. Choncho si bodza lobisa. Komabe mukadzafunsidwa za moyo wa Horikoshi pa mayeso a mbiri yakale, musadzayankhe za m'filimu.

Zimene sanajambule

Tafika pa funso lathu lachiwiri. Filimu imafika pachimake pa kuyesa ndege ya 1935. Nahoko, poona kuti matenda akula, wachoka mwakachetechete m'mawa womwewo kubwerera kumapiri, atasiya makalata. Ndege ikuchita zodabwitsa, anthu akukuwa ndi chimwemwe, koma mphepo imawomba ndipo Jiro amatembenukira kumapiri. Kuchoka apo timalumpha zaka khumi. Jiro akuyenda m'maloto pakati pa mabwinja a ndege, kumwamba kuli utsi, ndipo amauza Caproni kuti pa ndege zake palibe imene inabwerera. Nkhondo yonse yathera m'mphindi zochepa zimenezo.

Sikuti filimuyi siitchula nkhondo. Pa hotela ija pali mlendo wa ku Germany, Castorp, amene amanong'oneza Jiro kuti Japan akudziiwalitsa zimene akuchita ku China ndi ku Manchuria, ndipo kuti adzapsa. Honjo amatchula mayiko amene ndege yake yoponya mabomba idzalimbane nawo. Pa msonkhano wina Jiro amauza anzake kuti ndegeyo ikanapepuka mokwanira akanachotsa mfuti, ndipo onse amaseka. Nthabwalayo ili ndi mchira wowawa kwa wodziwa mbiri. Kuti Zero ipepuke, inapangidwa yopanda zitsulo zoteteza woyendetsa ndiponso yopanda matanki a mafuta odzitseka okha akabooka, moti chipolopolo chikailasa inkayaka ngati udzu wa m'chilimwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma mawu ndi mawu, nkhope ndi nkhope. Nkhope za anthu amene mabomba anawagwera sitiziona. Zero inamenya nkhondo koyamba mu Sepitembala 1940 pamwamba pa mzinda wa Chongqing ku China, ikuperekeza ndege zoponya mabomba pa mzinda umene munali mutaphedwa kale anthu wamba ambirimbiri. Anthu a ku Korea ndi ku China anagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga m'migodi ndi m'mafakitale a ku Japan, kuphatikizapo a makampani a Mitsubishi. N'chifukwa chake ku South Korea ambiri anaidzudzula filimuyi. Kwawonso Miyazaki sanapume, koma pa chifukwa china: mwezi womwe filimu inatuluka analemba nkhani yotsutsa maganizo osintha malamulo aakulu a dziko la Japan, amene gawo lake la 9 limakana nkhondo, ndipo okonda dziko monyanyira anamutcha wogulitsa mtundu. Zonsezi zili apo, inali filimu imene inapeza ndalama zambiri ku Japan m'chaka cha 2013.

Oikira kumbuyo filimuyi amati Miyazaki anatipatsa dala maso a Jiro, munthu wosaona patali, kuti timve mmene munthu wabwino, waulemu, wothandiza ovulala, angapangire chida chophera anthu maso ake ali pa misomali ndi minga ya nsomba. Ndikuvomereza mbali yaikulu ya mfundo imeneyi. Caproni amafunsa Jiro ngati angakonde dziko lokhala ndi mapiramidi kapena lopanda, ndipo aliyense akudziwa kuti zomanga zazikulu zimakhala ndi ovutika pansi pake. Jiro sayankha molunjika, amangoti akufuna kupanga ndege zokongola. Kuzemba kumeneko Miyazaki anakujambula kuti tikuone. Koma pali chimene chimandivutabe mumtima nthawi iliyonse ndikaonera. Mtengo umene filimu imatilizitsa nawo ndi imfa ya mkazi amene sanakhaleko, pamene amene analipiradi ndi magazi awo alibe ngakhale masekondi anayi aja amene anapatsidwa khamu la pa chivomezi. Ndimaikonda filimuyi, ndipo ndimaiimba mlandu umenewu.

Musaganize kuti nkhondo imeneyi inali kutali ndi ife. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anatumizidwa ku Burma kukamenyana ndi gulu lankhondo la Japan mu 1944. Ena mwa inu mukafunsa kumudzi mukamva za agogo amene anapitako.

Mmene ena anachitira

Kuti muone kuti kusiya ndi kusankha, yerekezani ndi filimu zitatu izi. Barefoot Gen ya 1983 inachokera pa nkhani ya Keiji Nakazawa, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ku Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945 ndipo anataya bambo ake ndi abale ake. Iyo imajambula zimene bomba linachita pa matupi a anthu popanda kuphimba, zinthu zimene palibe kamera inazijambula pa mphindi imeneyo. Persepolis ya 2007 ndi moyo wa Marjane Satrapi, amene anakula ku Iran pa kusintha kwa boma kwa 1979 ndi nkhondo ya Iran ndi Iraq. Pafupifupi yonse ndi yakuda ndi yoyera, ndipo mwambo umaoneka pawiri: mpango wokakamizidwa ndi boma, ndi agogo ake aakazi amene ankaika maluwa onunkhira m'zovala n'kumulangiza kuti asadziiwale.

Yachitatu ndi Waltz with Bashir ya 2008. Ari Folman anali msilikali wa Israel ku Lebanon mu 1982, ndipo anapeza kuti sakukumbukira kumene anali pamene anthu ankaphedwa m'misasa ya Sabra ndi Shatila. Amayendera anzake akale kuwafunsa, ndipo zimene amamuuza, zoona ndi zamaloto zomwe, zimajambulidwa m'makatuni. Pa mphindi zomaliza amasiya kujambula n'kuonetsa kanema weniweni wa amayi akulira pakati pa mitembo. Folman anaona kuti pali malo pamene pensulo iyenera kugonekedwa pansi. Miyazaki atafika pa malo ofanana anajambula thambo ndi ndege zikukwera m'mwamba.

Ntchito yanu

Sabata yamawa tidzaonera zigawo zitatu: ng'ombe zokoka ndege, ukwati wa kwa Kurokawa, ndi mphindi khumi zomaliza. Aliyense abwere ndi pepala lolembedwa mzere pakati. Kumanzere mudzalemba zimene mwaona, kumanja anthu amene mukudziwa kuti analipo koma sanajambulidwe. Pa chigawo chomalizacho ndidzaimitsa filimu pamene woyendetsa ndege akutsika kudzathokoza Jiro, ndipo ndidzakufunsani kumene maso a Jiro akuyang'ana.